Bandi ya amalume yabwerera popanda dzina

Anthu angapo andifunsa chifukwa chake chithunzi choitanira anthu ku phwando la amalume mwezi wathawu chinalibe dzina la bandi. Panali nkhope za anyamata asanu owonda ndi mtsikana mmodzi, malo, tsiku ndi mtengo wa pakhomo, basi. Ena ankati wosindikiza anaiwala. Sanaiwale. Dzina lija si lawo, ndipo silinakhalepo lawo ngakhale masiku amene ankadzaza bala ku Kawale. Inenso pano sindilitchula, chifukwa eni ake alipo ndipo ndimakumana nawo m'misewu.

Achinyamata a lero amene amapanga nyimbo pa laputopu sangamvetse msanga nkhaniyi. Gitala yamagetsi, ampu, masipika ndi ng'oma za bandi sizinkapangidwa kuno. Zinkachokera kunja, kawirikawiri ku Joni, zitalipiridwa msonkho pa boda, ndipo mnyamata wongomaliza Fomu 4 ankangoziona pa chikuto cha mbale. Tawerengani mabandi amene tinkawamva pa wailesi: MBC Band inali ya wailesi, Police Orchestra ya apolisi, Army Strings ya asilikali, Health Education Band ya unduna wa zaumoyo. Alleluya Band ya a Paul Banda inayamba mu 1978 ku Balaka mothandizidwa ndi parishi ya Katolika. Kumbuyo kwa gulu lililonse kunali wina wogula zida. Amene analibe boma kapena tchalitchi ankakhala m'manja mwa hotela kapena mkulu wina wabizinesi. Ngakhale malemu Wambali Mkandawire anayambira rock mu Sounds Pentagon ku Blantyre, ndipo gulu limenelo linatha posowa ndalama. Luso linalipo lambiri m'dziko muno. Chimene chinkasowa ndi soketi yolumikizapo luso limenelo.

Wa amalume anali mkulu wina amene tonse tinkangomuti Abwana. Anali ndi chigayo, malole awiri ndi bala. Zida anagula kuti mowa uziyenda, ndipo sankabisa. Dzina limene analembetsa pa ng'oma yaikulu ndi lomwe linali pa zitseko za malole ndi pa khoma la chigayo. Ukaona lole itanyamula matumba a chimanga unkawerenga dzina la bandi ya amalume.

Anayamba referendamu isanachitike. Amalume ankaliza lidi gitala, masana ali kalaliki ku Capital Hill. Wa bezi anali kalipentala wa ku Mchesi, ndipo mabokosi awiri a masipika anakhoma yekha ataona kuti ogula aja akung'ambika. Wa kiyibodi anali mwana wa abusa, ankabwera mozemba. Wa gitala yachiwiri analibe ntchito ina iliyonse kupatula kukongola. Wa ng'oma anakulira ku Likuni, kumudzi kwenikweni, pafupi ndi dambwe. Woyimba anali mphunzitsi wa pulayimale ku Chilinde, ife ana tinkamuti Anti. Ine ndinali mnyamata wa zingwe: kukulunga mawaya, kunyamula masitandi, kuthamangira ndudu. Malipiro anga anali Fanta ndi ufulu woima kuseri kwa sipika pamalo amene mwana sankaloledwa.

Abwana ankafuna kwasakwasa. Nthawi imeneyo Kanda Bongo Man anali paliponse, ndipo munthu amene wavina rumba amamva ludzu. Amalume ankafuna rock, yamtundu umene Kalimba ndi Makasu ankaugunda pang'ono, koma iwo ankafuna yaukali kuposa pamenepo. Anagwirizana motere: kuyambira dzuwa litalowa mpaka cha m'ma 9 koloko, bala isanadzaze, aziyimba zawo. Ikangokwana nthawi imeneyo, rumba mpaka tambala. Ndiye kuti nyimbo zonse zimene anthu akuzilira lerozi zinkayimbidwa kwa anthu ochepa, operekera mowa akupukutabe matebulo.

Zinali nyimbo zotani? Gitala inali yachizungu ndithu, yolira mokalipa. Amalume anali ndi kabokosi kamodzi kopondera kamene munthu wina anawabweretsera kuchokera ku Johannesburg, koyendera batire ya 9 volt, ndipo asanayambe ankainyambita kuti amve ngati ikulumabe. Koma pansi pa gitala imeneyo panali ng'oma za kwathu. Mkulu wa ku Likuni uja sankatha kumenya mowongoka ngati azungu. Dzanja lake linkathawira ku chimtali ndi ku chisamba, phazi likupondabe rock. Poyamba amalume ankamukalipira. Kenako anazindikira kuti chinthu chokhacho chimene bandi ina iliyonse inalibe ndi chimenecho, ndipo anayamba kupeka nyimbo zotsatira dzanja lake. Mawu anali Chichewa cha m'tauni: landilodi wogogoda pa 1 mwezi usanathe bwino, kondakitala wosabweza chenji, mtsikana wa ku Area 18 amene bambo ake sankafuna kumva za mnyamata wa ku Kawale.

Panali ina ya tambala wa aneba wolira usiku anthu asanagone nkomwe. Amalume mpaka lero amalumbira kuti tambalayo analikodi, wa mayi wina kuseri kwa nyumba ya agogo. Abwana atangoimva kamodzi pokonzekera anazimitsa magetsi pa swichi yaikulu. Masiku amenewo tambala wakuda anali pa khadi la chipani limene ayufi ankafunsa pa geti ya msika ndi pokwerera basi, ndipo lamulo la 1968 loona za zosangalatsa linali ndi mano. Munthu unkatha kugona ku polisi chifukwa cha nkhuku. Nyimboyo inakhala m'thumba mpaka pa 14 Juni 1993 anthu atavotera zipani zambiri. Kuchokera pamenepo inkayimbidwa usiku uliwonse, ndipo Abwana yemweyo ndi amene ankaiitanitsa, ataona kuti ikulowetsa anthu. Lamulo la kavalidwe la 1973 litachoka, Anti anakwera pa siteji atavala jinzi, amalume nkusiya kumeta. Ku ofesi anawapirira miyezi yowerengeka, kenako anawakumbutsa kuti boma lasintha koma bwana wawo sanasinthe.

Ndikakumbukira zaka zimenezo, chimene chimabwera poyamba si siteji ayi, ndi khitchini ya agogo. Nsambo za bezi zikakalamba zimafa mawu, chifukwa thukuta ndi litsiro zimalowa m'mizere yake. Zatsopano kunalibe, ndipo kwacha itasiyidwa kuti iziyandama mu 1994 mtengo wake unathawa. Ndiye wa bezi ankazimasula zonse zinayi, nkuzikulunga ngati nkhata, nkuziphika. Madzi ankawira mphindi zingapo, pamwamba nkuyandama mafuta akuda. Ankazivuula ndi mthiko, nkuzipukuta, nkuziyanika pa waya wa zovala, ine ndikulondera kuti ana asazitenge kukapangira magalimoto. Zikauma zinkalira ngati zatsopano kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Vuto linali poto. Anasankha ya agogo yophikira nsima chifukwa ndiyo inali yotakata, ndipo tsiku limene agogo anamupeza anamuthamangitsa mpaka pamsewu.

"Iwe mwana wa eni, nsima ya ana anga izinunkha dzimbiri chifukwa cha gule wako?"

"Pepani amayi, nditsuka ndi mchenga."

"Utsuke mutu wakowo!"

Nsambo yopyapyala ya gitala ikaduka pafupi ndi kumapeto, amalume ankaimanga mfundo nkuibwezera. Ikaduka pakati, waya wa buleki ya njinga unkalowa m'malo, womasulidwa ulusi umodzi. Unkacheka chala, koma unkalira.

Funso limene ana athu amafunsa ndi lakuti, ngati anali akatswiri chotero, bwanji kulibe kaseti? Situdiyo zinali kumwera. MBC inkajambulira ku Chichiri, Studio K inali ku Blantyre komweko, a Paul Banda anali ndi yawo ku Balaka, ndipo wogula ndi kugawa makaseti amene aliyense ankamuthamangira anali O.G. Issa. Lilongwe inali likulu kuyambira 1975, koma pa nkhani ya nyimbo inali mudzi waukulu wokhala ndi maofesi. Kupita ku Blantyre kunkafuna lole, ndipo lole inali ya Abwana. Akapempha, yankho linkakhala lakuti ino ndi nyengo ya fodya, malole ali pa mzere ku okushoni ku Kanengo. Fodya akatha, chimanga. Chimanga chikatha, feteleza. Ndikuganiza kuti mkuluyo ankadziwa bwino lomwe kuti bandi yokhala ndi kaseti imayamba kuitanidwa ku Mzuzu ndi ku Mangochi, ndipo bala yake ikanatsala ndi wailesi. Chimene chinajambulidwa ndi kaseti imodzi yokha, pa wailesi yoikidwa pampando kutsogolo kwa sipika. Inazungulira Kawale yense mpaka wailesi ya munthu wina inaitafuna.

Msika nawonso unali utapita kwina. Reggae ya ku Balaka inali italanda dziko, Lucius Banda akugulitsa makaseti ngati mchere, kenako Evison Matafale ndi anyamata a ku Chileka. Nyimbo zauzimu zinali kukwera. Radio 2 itatsegulidwa mu 1997 ndi TVM mu 1999, woyimba wopanda chojambula anali ngati kulibe. Ndiye kunabwera kiyibodi yokhala ndi ng'oma ndi bezi m'kati mwake, munthu mmodzi nkumagwira ntchito ya anthu asanu. Abwana anawerengera: mnyamata mmodzi wa disiko amadya mbale imodzi ya nsima.

Chomalizira chinali ukwati wa ku Area 25. Anatenga zida Loweruka masana osauza mwini wake, poganiza kuti pofika madzulo zikhala zitabwerera. Pikapu inafera pa Kanengo. Anafika usiku bala itadzaza anthu opanda nyimbo. Mmawa mwake zida zinatsekeredwa m'sitolo ya kuchigayo, ndipo patapita miyezi zinagulitsidwa ku tchalitchi china cha chipentekoste. Panalibe msonkhano wothetsa bandi, panalibe kutsanzikana. Wa kiyibodi anatsatira kiyibodi yake ku tchalitchiko, ndipo lero ndi mkulu wa mpingo. Wokongola uja anakwera basi ya ku Joni. Anti anasamutsidwira ku sukulu ina ku Dowa. Amalume anatsala ndi gitala yabokosi ndi kabokosi kopondera kaja, kopanda polumikiza.

Wa ng'oma anadwala nthawi yaitali. Anamwalira mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, anawaphonya pang'ono chabe. Zaka zimenezo akalipentala a ku Mchesi anali atasiya mipando nkumakhoma mabokosi a maliro usana ndi usiku, ndipo bokosi lake anakhoma ndi mnzake wa bezi. Anasiya mkazi ndi mwana wamwamuna woyamwa.

Mwana ameneyo ndi amene wabwezeretsa bandi. Chaka chatha abale anaganiza zomanga chiliza, uthenga unayenda pa WhatsApp, ndipo kwa nthawi yoyamba otsala onse a m'dziko muno anakhala pa mphasa imodzi ku Likuni. Mnyamatayo tsopano ndi bambo wandevu, ndipo amamenya ng'oma ku tchalitchi ndi m'maukwati. Anthu atadya, anabwera nkunjuta pafupi ndi amalume.

"Madala, aliyense amandiuza kuti bambo anali katswiri. Koma ankamenya bwanji?"

Amalume anatsegula pakamwa nkutseka. Panalibe foni yoti atulutse, panalibe kaseti. Anayamba kumenya pa ntchafu, wa bezi nkuwauza kuti si choncho, phazi linkalowa mochedwerapo. Anti anati nonse mwaiwala, nkuyamba kuomba m'manja. Anakangana pamenepo mpaka minibasi yomaliza inatsala pang'ono kuwasiya, ndipo asanabalalike anali atapangana Lamlungu lotsatira.

Ankakonzekera mu shedi ya wa bezi ku Mchesi, pakati pa masofa osamaliza, utuchi uli m'mapazi. Ndinkapitako ndikapeza mpata, ndipo ndikuuzeni kuti kukumbukira nyimbo imene sinalembedwe paliponse ndi ntchito yolemetsa. Ndime yoyamba ndi kolasi aliyense ankazidziwa. Ndime yachiwiri ya nyimbo ya landilodi inatuluka mitundu itatu, aliyense akulumbira pali amake. Anamuimbira wa ku Joni pa vidiyo kuti aweruze, iye nkubweretsa wachinayi. Mawu a Anti atsika, choncho nyimbo zambiri anazitsitsa kiyi, zimene zinasokoneza zala za amalume zimene zinazolowera malo akale. Ng'oma ankamuphunzitsa mnyamata uja ndi pakamwa, akuluakulu atatu atamuzungulira, wina akuti du-du-tsa, wina akuti ayi du-tsa-du. Iye anaphunzira ng'oma zowongoka za m'tchalitchi, zolondola bwino, ndipo kulondolako ndiye kunali vuto. Chinamuthandiza si iwo. Anapita kwa azakhali ake kumudzi, nakakhala pa chinamwali kumvetsera amayi akuomba ng'oma, ndipo atabwerako anangokhala pampando nkumenya. Wa bezi anatuluka panja, akuti utuchi wamulowa m'maso.

Za dzina anapita mwaulemu wonse. Abwana anamwalira kalekale, koma ana awo akuyendetsabe bizinesi pa dzina lomwelo. Amalume ndi mkulu wa mpingo uja anakawaona kunyumba. Anawalandira bwino, tiyi ndi buledi, kenako mwana wamkulu anati dzina lingagwiritsidwe ntchito ngati banja lilandira gawo la ndalama za pakhomo, ndipo gawo limene anatchula linali lalikulu kuposa la woyimba aliyense. Amalume anabwera akutukwana. Ine pano ndisiyana nawo pang'ono amalume anga. Mkulu uja anawadyetsa zaka zambiri, anawapatsa siteji pamene wina aliyense sakanawapatsa, ndipo popanda chigayo chake nyimbo zimenezi sizikanabadwa. Chamwini ndi chamwini. Koma nzoonanso kuti palibe amene anabwerapo ku bala kudzamvera chigayo. Anasankha kungoika chithunzi chakale chija, amene akudziwa nkhopezo abwera.

Zida tsopano si nkhani yogwadira munthu. Pali mnyamata wa ku Area 49 amene amabwereketsa zonse, masipika, mikisa, maiki, magetsi amitundumitundu ndi jenereta yake, ukalipira usiku umodzi nkutha. Si zotchipa, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma ukalipira sakuuza nyimbo yoti uyimbe. Gitala ya amalume ndi yawoyawo, anawagulira mwana wawo wamkazi amene ali ku Ireland. Nthawi yoyamba m'moyo wawo kukwera pa siteji ndi gitala imene palibe angaitsekere m'sitolo, ali ndi imvi, atapuma kale pa ntchito. Wa ku Joni anabwera pa basi kudzera pa Dedza, akadali wokongola koma mimba yatsogola. Popeza zala zake zinali zitaiwala zambiri, anamuikira pambali mtsikana wina amene anaphunzira gitala ku Music Crossroads ku Area 23, kuti azimugwirira pamene akuterereka.

Phwandolo linachitikira pa bwalo lina la zisangalalo ku Area 47, kufupi ndi ku Bwandilo. Anthu anabwera kuposa mmene tinkayembekezera. Anyamata amene kale ankasuzumira pa mpanda chifukwa chosowa ya pakhomo anafika pa magalimoto akuluakulu, akulipira pa Airtel Money ndi Mpamba, ena atatenga ana awo amene ankangoyang'ana m'mafoni. Kanyenya anatha nthawi isanakwane.

Sindikunamizani, chiyambi sichinali bwino. Anatsegula ndi nyimbo zachizungu zakale, poganiza kuti ndi zimene anthu akuzidziwa, ndipo zinamveka ngati bandi ya pa hotela Lamlungu masana. Amalume ankachita mantha, ankayang'ana zala zawo. Nyimbo zimenezo aliyense angazipeze pa YouTube zoyimbidwa bwino kuposa pamenepo ndi eni ake. Ndikanakhala ine ndikanazichotsa zonse. Zinthu zinasintha atalowa ya mtsikana wa ku Area 18. Ng'oma zitangoyamba kutsimphina mwa chimtali muja, mayi wina wa zaka za m'ma 50 kutsogolo kwanga anakuwa, nkusiya chikwama pampando. Anthu ankayimba mawu amene sanawamve chiyambire zaka za m'ma 1990, ndipo pa ndime yachiwiri ya landilodi gulu linayimba mtundu wa Anti, mlandu nkuthera pomwepo. Amalume ataponda kabokosi kaja, komweko kakale, kokhala ndi batire yatsopano, phokoso lake linali lauve ngati kale ndipo palibe anadandaula.

Ya tambala anaisungira kumapeto. Popeza tambala uja anadzabwereranso m'boma mu 2020, anthu ankaseka pa zifukwa zosiyanasiyana, ena mokweza, ena akuyang'ana kumbali kuti aone amene akuwaona. Amalume asanayambe anabwerezanso pa maiki kuti ndi nkhuku ya aneba basi. Rumba sanayimbe ngakhale imodzi, ngakhale panali bambo wina amene ankaitanitsa usiku wonse atanyamula K5,000 m'mwamba.

Mnyamata wa zida uja, osauzidwa ndi munthu, anajambula zonse kuchokera pa mikisa nkuziika pa fulashi. Ndiye kuti pano, kwa nthawi yoyamba, nyimbozi zilipo pena pake kupatula m'mitu ya anthu okalamba. Ndazimvetsera. Maiki ya bezi inali yotsika, Anti akupuma movutika pa nyimbo zothamanga, ndipo pena amalume akulowa mochedwa. Zabweretsanso ntchito imene sankaiganizira, chifukwa kuti akazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ayenera kugwirizana kuti anapeka ndani, ndipo aliyense akukumbukira kuti kolasi inali yake. Chimodzi chokha anagwirizana mosavuta: pa nyimbo iliyonse palembedwenso malemu wa ng'oma. Ndalama za pakhomo, atachotsa za zida ndi za malo, anagawana mofanana pa boneti ya galimoto, mnyamata wa ng'oma ndi mtsikana wa gitala kulandira chimodzimodzi ndi akuluakulu. Wa ku Joni gawo lake silinakwane ngakhale tikiti yobwererera.

Pano mkangano uli pa ukwati. Bambo wina amene analipo usiku uja akufuna bandi ikayimbe pa ukwati wa mwana wake mu Disembala, ndipo ndalama imene watchula ingakwanire kulowa mu situdiyo kukajambula bwinobwino nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Koma akufuna pa perekaniperekani pakhale rumba ndi amapiano. Amalume akuti anayimbira rumba m'bala ya munthu zaka zokwanira, sabwereranso. Anti akuti situdiyo salipira ndi mfundo. Mkulu wa mpingo akuti iye zonse zili bwino bola kusakhale mowa pafupi ndi kiyibodi. Lamlungu lapitali ndinawasiya akadali pomwepo, wa bezi akukhoma sofa uku akuyankha.

"Achimwene, inu muli ndi penshoni. Ine ndili ndi masofa atatu osagulidwa. Rumba ndi manotsi anayi, ngati mwaiwala ndikuphunzitsani."